Mkangano wa Okonda Lucy: Chaka Chokoma Koposa Chinali Chiti?

Sabata ino tiyeni tipumuleko nkhani za kudimba ndi za kusikelo, tiwoloke nyanja mpaka ku America, kumene kuli mkangano umene watha zaka zoposa 60 koma wougamula sanapezeke. Mkanganowo si wa malo kapena wa ufumu ayi. Ndi wa sewero loseketsa la pa wailesi ya kanema lotchedwa I Love Lucy, ndiko kunena kuti ndimkonda Lucy. Anthu olikonda amatsutsana kuti mwa zaka 6 zimene linaonetsedwa, chaka chokoma koposa chinali chiti. Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta, osowa chochita. Koma mukaitchera khutu bwino mudzaona kuti anthuwa akukangana za banja, ndipo pa nkhani ya banja ife amayi sitingangokhala chete.

Poyamba ndikufotokozereni za sewerolo, popeza ambiri a ife silinatipeze. Kuno ku Malawi wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, ndipo ife tinakula tikuseka ndi masewero a pa wailesi ya mawu, monga Kapalepale. I Love Lucy inayamba kuonetsedwa ndi nyumba youlutsira ya CBS pa 15 Okutobala 1951, ndipo inatha pa 6 Meyi 1957. Masewero onse analipo 180, lililonse la theka la ola, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Anawagawa m'zigawo 6, chaka chilichonse chigawo chake. Chigawo chotere ndi chimene ana a masiku ano amachitcha sizoni.

Nkhani yake ndi ya Lucy Ricardo, mayi wapanyumba wa mumzinda wa New York, ndi mwamuna wake Ricky, mwana wa ku Cuba, amene amatsogolera gulu la oimba pa malo ena achisangalalo. Awiriwa amachita lendi m'nyumba ya Fred ndi Ethel Mertz, banja lachikulire lopanda mwana, limene ndi eni nyumba komanso abwenzi awo a ponda apa nane ndipondepo. Lucy amafunitsitsa kukaonekera pa gulu monga mwamuna wake, koma Ricky amakana kwamtuwagalu, nati malo a mkazi ndi pakhomo. Tsono Lucy amakonza timapulani tamseri, namukokeramo Ethel, ndipo timapulanito timawathera m'mavuto sabata ndi sabata.

Chimene chinapatsa sewerolo mchere ndi chakuti amene ankasewera Lucy ndi Ricky anali banja lenileni. Mayi Lucille Ball, obadwa mu 1911, ndi bambo Desi Arnaz anakwatirana mu 1940. Bamboyo ankakhalira kuyendayenda ndi gulu lawo la oimba, kotero kuti pakhomo ankaonekera mwa apo ndi apo. Pamene a CBS anapempha mayi Ball kuti ayambe sewero la pa kanema, iwo anati avomera pokhapokha ngati mwamuna wa m'sewerolo akhale amuna awo enieni, pofuna kuti banja likhale malo amodzi. Akuluakulu a CBS anakayika, nati anthu sadzakhulupirira kuti mkazi wa ku America angakwatiwe ndi munthu wa ku Cuba. Awiriwa anayenda m'mizinda mu 1950 akusewera pamaso pa anthu, ndipo anthu atawakonda, akuluakulu aja anagonja. Musaiwale mfundo imeneyi, amayi, chifukwa tidzaipezanso kutsogoloku: sewerolo linayambika ndi cholinga chomanga banja.

Tsono tiyeni timve mbali zonse za mkangano, monga achitira ankhoswe.

Gulu loyamba limati chokoma ndi chigawo choyamba, cha 1951 mpaka 1952. Iwowa amati nthawi imeneyo zonse zinali zatsopano, banja lili m'kanyumba kakang'ono, ndalama zili zowerenga, ndipo nthabwala zinkachokera pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Amakumbutsa za tsiku limene Lucy anachulutsa yisiti mu ufa, buledi n'kutuluka mu uvuni ali wamtali ngati mtanda wa denga, mpaka kumukanikizira mwini wake kumbali ina ya khitchini. Amakumbutsanso za tsiku limene Lucy anakalengeza malonda a mankhwala opatsa mphamvu otchedwa Vitameatavegamin, osadziwa kuti m'botolomo munali mowa waukali. Poyeserera anamwa supuni, namwanso ina, mpaka lilime linayamba kulemera ndipo dzina la mankhwala linamukanika. Kunena zoona, pa masewero onse 180, limeneli lili m'gulu la otchuka kwambiri.

Gulu lachiwiri, limene ndi lamphamvu ndithu, limati palibe chopambana chigawo chachinayi, cha 1954 mpaka 1955. M'chaka chimenecho Ricky anaitanidwa kukapanga filimu ku Hollywood, ndipo anayi onse anakwera galimoto kuchoka ku New York, kudutsa dziko lonse mpaka ku California. Kumeneko Lucy anakumana ndi akatswiri otchuka a mafilimu, amene anabwera m'sewerolo ndi maina awo enieni. Atamuchititsa manyazi William Holden m'nyumba yodyera, anadzibisa ndi mphuno yomatira kuti asamuzindikire, koma mphunoyo inagwira moto pamene ankayatsa ndudu. Tsiku lina anavala ngati Harpo Marx, ndipo Harpo weniweni atatulukira, Lucy anayamba kumutsanzira chilichonse ngati kuti ndi chithunzi chake cha m'kalilole. Okonda chigawo chimenechi amati apa ndi pamene luso la mayi Ball linafika pachimake, ndipo pa mfundo imeneyo nkovuta kuwatsutsa.

Alipo ena amene amasankha chigawo chachisanu, cha 1955 mpaka 1956. Chimenechi chinayamba ndi Lucy ndi Ethel akuba chigulumwa cha simenti chokhala ndi mapazi a John Wayne, kenaka anayi aja anapita ku Europe. Ku Paris, amuna awiri aja atatopa ndi kulira kwa akazi awo kofuna madiresi odula, anasoketsa madiresi a ziguduli nawanamiza kuti ndi a telala wotchuka, amayiwo n'kuyenda nawo monyadira pamsewu. Ku Italy Lucy analowa mu mtsuko waukulu wopondera mphesa, namenyana ndi mayi wa komweko ali mphesa thupi lonse. Pomaliza pali amene amakonda chigawo chachisanu ndi chimodzi, cha 1956 mpaka 1957, pamene banjali linachoka pa lendi ndi kugula nyumba yawoyawo ku Westport, m'dera la Connecticut, nayamba kuweta nkhuku. Kumeneko Lucy anabisa mazira m'malaya, ndipo Ricky posadziwa anamukoka kuti avine, mazira onse n'kuphwanyikira pachifuwa. Anthu amene ankaonerera pojambula anafa nalo phwete kwa nthawi yoposa mphindi imodzi, kuseka kwakutali koposa m'mbiri yonse ya sewerolo.

Chigawo chachitatu, cha 1953 mpaka 1954, sichitchulidwa kawirikawiri pa mkanganowu, komabe inu amayi ochita geni muli ndi phunziro m'menemo. Lucy ndi Ethel anayamba kugulitsa msuzi wothira pa ndiwo zamasamba zosaphika, osayamba awerengera ndalama zimene zikulowa pa botolo limodzi. Oitanitsa atachuluka, anazindikira kuti botolo lililonse likuwadyera ndalama m'malo mowabweretsera phindu. Ndani wa ife sanaonepo mnzake akuotcha mandasi tsiku lonse, mtengo wa mafuta ndi nkhuni osauwerengera?

Mwina mwaona kale chimene chili pansi pa mkanganowu. Zigawo zimenezi zikutsata msinkhu wa banja. Pali zaka zoyamba za m'kanyumba ka lendi, pali zaka za maulendo ndi kuonekera, ndipo pali zaka za nyumba yakoyako ndi khola la nkhuku kuseri. Munthu akamasankha chigawo, kawirikawiri amakhala akusankha nyengo ya banja imene mtima wake umailakalaka. Nchifukwa chake mkanganowo sutha.

Ine ndaima ndi chigawo chachiwiri, cha 1952 mpaka 1953, chimene ndachisungira kumapeto dala. Zifukwa zanga ndi ziwiri.

Chifukwa choyamba ndi sewero lotsegulira chigawocho, la pa 15 Seputembala 1952. Ricky anakalipa kuti Lucy akuwononga ndalama popeza sadziwa mmene zimavutira kupeza. Akazi anayankha kuti nawonso amuna sadziwa kulemera kwa ntchito ya pakhomo. Anagwirizana zosinthana: akazi apite kuntchito, amuna atsale pakhomo. Lucy ndi Ethel analembedwa pa fakitale ya chokoleti, nawaika pa lamba woyenda kuti azikulunga chokoleti chilichonse m'pepala chisanadutse. Lamba atayamba kuthamanga, iwo poopa kuchotsedwa ntchito anayamba kubisa chokoleti m'kamwa, m'zipewa ndi m'malaya. Kapitawo wawo, mayi waukali, ataona lamba ali mbee anaganiza kuti ntchito ikuwachepera, nalamula kuti lambayo athamange koposa.

Anthu ambiri amakumbukira za chokoletizo, naiwala zimene zinkachitika kunyumba. Amuna aja anawotcha zovala ndi simbi. Nkhuku zimene ankaphika zinaphulika mumphika ndi kuulukira kudenga. Mpunga anathira wochuluka kotero kuti unasefukira pachitofu ndi kudzaza pansi, iwo n'kumaterereka m'menemo. Madzulo onse anavomera kuti ntchito ya mnzawo si masewera. Taganizani, amayi, m'chaka cha 1952 anthu mamiliyoni anaona ndi maso awo kuti kuphika, kuchapa ndi kusita ndi ntchito yofuna nzeru, imene mwamuna wamphamvu zake angathe kuilephera. Mfundo imeneyi mukaiyankhula pakamwa, bambo amangotembenuka n'kukweza wailesi. Koma munthu akaimva akuseka, imalowa.

Chifukwa chachiwiri ndi chachikulu koposa. M'chaka cha 1952 mayi Ball anapezeka kuti ali ndi pakati. Masiku amenewo mayi woyembekezera sankaonekera wamba pa kanema wa ku America, ndipo ena anaganiza kuti amubise kumbuyo kwa mipando kapena sewero liyambe laima. Banjali pamodzi ndi mkulu wa olemba, bambo Jess Oppenheimer, linalimbikira kuti mimbayo ilowe m'nkhani. A CBS anavomera, koma analetsa mawu a Chingerezi onena mwachindunji za mimba, nalola mawu ofanana ndi athu aja akuti woyembekezera. Anaitananso wansembe wa Katolika, m'busa ndi mphunzitsi wa Chiyuda kuti aziona masewerowo ngati mulibe cholaula. Ife sitingawaseke kwambiri, pakuti nafenso timati uje ndi wodwala, ndipo akabereka timati wachira. Ulemu wa mawu ndi wabwino. Choipa ndi pamene ulemuwo usanduka manyazi, mayi n'kumabisa mimba mpaka kuchedwa kuyamba sikelo.

Sewero la pa 8 Disembala 1952 linaonetsa Lucy akusowa mpata womuuza Ricky, popeza nthawi iliyonse akati ayambe pankabwera chosokoneza. Potsiriza anamutsatira kuntchito, natumiza kakalata kopanda dzina kopempha nyimbo yoti mayi wina auzire mwamuna wake za mwana amene akubwera. Ricky anayenda tebulo ndi tebulo akufunsa kuti ndi banja liti, mpaka anafika pa mkazi wake, Lucy n'kungogwedeza mutu. Onse awiri anagwetsa misozi, ndipo misoziyo sinali yasewero. Banja lenilenilo linakhala zaka zoposa 10 lopanda mwana, mayi Ball anapitapo padera, ndipo mwana wawo woyamba, Lucie, anabadwa mu Julayi 1951 iwo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40. Mayi aliyense amene anadikirapo mwana, achibale a kuchimuna akunong'onezana, adziwa kulemera kwa misozi yotere.

Pa 19 Januwale 1953 anaonetsa sewero la Lucy kupita kuchipatala. Ricky, Fred ndi Ethel anali atayeserera bwino lomwe chimene aliyense adzachite nthawi ikakwana. Koma Lucy atangonena kuti nthawi yafika, kunali chipwirikiti, kugundana ndi kumwaza zovala za m'sutikesi, mpaka onse anathamangira panja kumusiya mwini ulendo m'nyumba. Tsiku lomwelo m'mawa mayi Ball anabereka mwana wamwamuna mwa opareshoni, Desi Arnaz wamng'ono. Usiku umenewo anthu okwana 44 miliyoni anaonera sewerolo. Mwa nyumba 100 zilizonse zokhala ndi kanema, zoposa 70 zinatsegula pamenepo. M'mawa mwake, pamene Dwight Eisenhower ankalumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, oonera anali 29 miliyoni. Kubadwa kwa mwana kunaposa kulumbira kwa pulezidenti.

Tsono funso langa kwa okonda Hollywood ndi Paris ndi ili: mphuno yoyaka moto ndi yoseketsa, inde, koma mutaseka mumatsala ndi chiyani? M'zigawo za maulendo Lucy akuthamangira anthu otchuka, ndipo kukoma kwa sabata kumadalira mlendo amene wabwera. M'chigawo chachiwiri simufunika mlendo. Muli mkazi, mwamuna, ndalama zosakwana, ntchito yosayamikidwa ndi mwana wodikiridwa. Zimenezi mayi wa ku Ndirande ndi mayi wa ku Ntchisi angazimve popanda womasulira.

Komabe sindikubisirani zofooka zake. Alipo amayi amene amati sewero la chokoleti lija linathera poipa, chifukwa akazi anabwerera kukhitchini ngati kuti ntchito yolembedwa siyawo. Amatinso Lucy ankapatsidwa ndalama mowerengera ngati mwana, ndipo m'masewero ena Ricky ankamugoneka pamiyendo ndi kumumenya makofi, anthu n'kumaseka. Amayi amenewa akunena zoona, ndipo pa za kumenyazo palibe choseketsa, kaya ndi mu 1952 kaya ndi lero. Koma taonani chodabwitsa. Mkazi amene m'sewero ankaletsedwa kugwira ntchito, kunja kwa sewero ndiye anali mzati wa ntchito yonse. Mmodzi wa olemba ake, kuyambira chigawo choyamba mpaka chomaliza, analinso mkazi, mayi Madelyn Pugh, amene ankayamba ayesa okha zovuta zija asanazipereke kwa mayi Ball. Ndipo mu 1962 mayi Ball anagula gawo la bambo Arnaz m'kampani yawo ya Desilu, nakhala mkazi woyamba kutsogolera kampani yaikulu yopanga masewero a pa kanema ku America.

Nanga banja lenileni lija, limene sewero linayambika kuti lilimange, linatha bwanji? Kunja zonse zinkaoneka zowala. Mwa zaka 6 zija, sewerolo linali loyamba m'dziko lonse zaka 4, ndipo linatha likadali pamwamba. Bambo Arnaz anali munthu wanzeru pa malonda. Ndiwo analimbikira kuti masewero azijambulidwa pa filimu ndi makamera atatu pamaso pa anthu oonerera, navomera kudulidwa malipiro kuti mafilimuwo akhale a banja lawo. Nchifukwa chake masewerowa akuonekabe bwino mpaka lero. Mu 1957 kampani yawo inagula malo ojambulira a RKO, kumene awiriwa anakumanirana ali antchito wamba. Koma chuma chikamakula, ntchito inkakulanso, ndipo mowa ndi zibwenzi za bamboyo zinkadya banja mkati. Anthu ankaseka poona Lucy ndi Ricky akuyanjana pa mapeto a sewero lililonse, pamene eni ake kunyumba mtendere unkachepa. Atatha masewero ena 13 a ola lathunthu amene anatsatira, banjalo linatha mu 1960. Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sanadane ayi. Analera ana awo awiri, nakhalabe olemekezana mpaka bambo Arnaz anamwalira mu 1986, mayi Ball n'kutsatira mu 1989. Ku Jamestown, kwawo kwa mayiwo m'dera la New York, kuli nyumba yosungiramo mbiri ya awiriwa, kumene okonda sewerolo amapita kukaona zovala ndi zipinda za m'masewero aja.

Amayi anzanga, apa ndi pamene nkhaniyi yatifikira pakhomo. Ambiri a ife timayesa banja la mnzathu poona galimoto, malata atsopano ndi maulendo a ku Johannesburg, tikatero n'kubwerera kunyumba mtima uli wowawa, kumuona bambo wa kwathu ngati wolephera. Timaganiza kuti chaka chokoma cha banja chidzafika tikadzachoka pa lendi, kapena ana akadzayamba ntchito. Mbiri ya banja la Arnaz ikutionetsa kuti zaka za chuma chambiri sizinali zaka za mtendere wambiri. Sindikutamanda umphawi, pakuti njala siimanga banja, ndipo mayi ayenera kukhala ndi kake m'manja monga anachitira mayi Ball. Ndikungoti poyesa chaka cha banja tisayambe ndi katundu. Tiyambe ndi kufunsa ngati m'chaka chimenecho wina anaona thukuta la mnzake nalithokoza, ngati nkhani ya ndalama inakambidwa poyera, ndiponso ngati chimwemwe ndi misozi zinali za anthu awiri.

Amene muli ndi ana kapena adzukulu odziwa kufufuza pa foni, apempheni akupezereni sewero la chokoleti lija. Simusowa kudziwa Chingerezi kuti mulimve. Koma musaonere nokha. Aitaneni bambo akhale pambali panu, ndipo musalole kuti aone za kufakitale zokha, adikire aonenso za mpunga.

Tikumanenso sabata yamawa pa tsamba lathu lino. Tsalani bwino, amayi.